Zoti mchere unkasinthidwa ndi golide kilo kwa kilo ndi bodza

Pali kankhani kamazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook koti kalekale ku Sahara mchere unkasinthidwa ndi golide molingana kulemera, eti kilo ya mchere kilo ya golide. Abale, limeneli ndi bodza lamkunkhuniza.

Mchere unalidi wodula, zimenezo palibe akukana. Mgodi wotchuka unali ku Taghaza, kumpoto kwa dziko la Mali, ndipo unali m'manja mwa a Masufa, limodzi mwa mafuko a Berber. Okumbawo anali akapolo a a Masufa, ndipo ankagona m'nyumba zomangidwa ndi zibuma za mchere zofoleredwa ndi zikopa za ngamila, ngakhale mzikiti unali wa mchere, malo opanda mtengo ndi umodzi womwe, madzi ake owawa, ntchentche mbwee.

Ibn Battuta, mkulu wa ku Morocco wotchuka ndi maulendo ake, anadutsa kumeneko mu 1352 ndipo mitengo anailemba. Ngamila imodzi inkasenza zibuma ziwiri zikuluzikulu. Ku Walata, tawuni yamalonda ya kumwera kwa chipululucho, katundu ameneyu ankagulidwa ma mithqal 8 mpaka 10 a golide, akafika ku likulu la ufumu wa Mali ankakwera kufika 20 kapena 30, nthawi zina 40. Mithqal imodzi ndi magalamu anayi ndi pang'ono. Ndiye tawerengani nokha, ma mithqal 40 sakwana olo magalamu 200, pomwe katundu wa ngamila anali makilo ambirimbiri. Kilo kwa kiloyo ili pati?

Chinkakweza mtengo ndi ulendowo, masabata angapo m'chipululu madzi osowa. Komanso kumwerako anthu ankaduladula mcherewo tizidutswa n'kumagulira zinthu pamsika ngati ndalama, mwina ndi pamene okamba nkhani anayambira kuthira ndiwo zawo.