Zipatso zija sizinali zotsala kukhitchini

Ambirife tikaona chithunzi chakale chojambula pamanja cha mandimu, mphesa ndi mapichesi patebulo, timangoti wojambulayo anasowa chochita, n'kungojambula zomwe anapeza kukhitchini. Ayi ndithu. Taonani za ku Netherlands m'zaka za m'ma 1600.

Mandimu sachita bwino kumeneko chifukwa cha chisanu. Ankabwera pa sitima kuchokera kumayiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo ankadya ndi anthu opata. Mbale yoyera ya maluwa abuluu yoikamo zipatsozo kawirikawiri inali ya ku China, yobwera ndi kampani ya malonda ya ku Netherlands yotchedwa VOC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1602. Wamalonda wa ku Amsterdam akapachika chithunzi chotere pakhoma, alendo ankadziwiratu kuti dzanja lake limafika kutali, iye osatsegula n'pakamwa pomwe.

Tayang'anitsitsani ndimu losendedwa la m'zithunzi zoterezi, khoko lake likulendewera m'mphepete mwa tebulo ngati chingwe chopotana, mkati mwake muli nyezinyezi. Apa ndi pomwe ojambula ngati Jan Davidsz de Heem ankaonetsera luso lawo. Ndipo nthawi zambiri zipatsozo sizinakhalepo patebulo limodzi: matcheri opsa msanga ndi mphesa zopsa mochedwa ankazijambula pa miyezi yosiyana.

N'zoona kuti akatswiri a ku France ankaika zithunzi zamtunduwu pansi pa zina zonse. Koma ogula sanawamvere. Rachel Ruysch, mayi wojambula maluwa ndi zipatso, ankagulitsa zithunzi zake pamtengo woposa umene wojambula wotchuka Rembrandt ankalandira ali moyo.