Boma limafunsidwa mafunso olasa m'kachipinda ka komiti

Anthu ambiri amayeza mphamvu ya Nyumba ya Malamulo ndi phokoso la m'chipinda chachikulu. Phungu waimirira, wadzudzula nduna, anzake akuombera m'manja, sipikala akupempha bata. Zimenezi zili ndi ntchito yake ndithu, pakuti nduna yodziwa kuti mawa iyankha pagulu imagona ikulingalira. Koma pa zaka zimene ndaphunzitsa za malamulo oyendetsera dziko, ndaona kuti boma limapanikizika kwenikweni m'kachipinda ka komiti, komwe atolankhani safikako kawirikawiri.

Taganizirani mmene zimakhalira. Mlembi wamkulu wa unduna wakhala kutsogolo, mafayilo ali pambali pake. Phungu watsegula lipoti la mkulu wofufuza za ndalama za boma, wafika patsamba lomwe analichonga dzulo usiku, n'kufunsa modekha: ndalama izi zinatuluka kuti zimange zipatala zinayi, malisiti akuonetsa ziwiri, nanga ziwiri zinazo zili kuti? Apa mawu okoma a ndale sathandiza. Pamafunika pepala, ndipo ngati palibe, aliyense m'chipindamo waona.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Ku Britain komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma inakhazikitsidwa m'chaka cha 1861, William Gladstone ali nduna ya zachuma, ndipo mwambo wake ndi woti wapampando azichokera ku chipani chotsutsa boma. Mayiko ambiri anatengera zimenezi pa chifukwa chomveka: khoswe akakhala pamkhate sapheka. Phungu wa chipani cholamula amadziwa kuti mtsogoleri amene akumufunsayo ndi yemwe amagawa maunduna, ndiponso kuti chipani chikhoza kumutaya pa chisankho chikubwerachi.

Vuto limeneli ndilo lalikulu, ndipo South Africa inatiphunzitsa zambiri. M'chaka cha 2014 Thuli Madonsela, amene anali mkulu woteteza anthu ku zolakwa za boma, anapeza kuti Pulezidenti Jacob Zuma anapindula mosayenera ndi ndalama za boma zimene zinakonzera nyumba yake ku Nkandla, ndipo analamula kuti abweze gawo lina. Aphungu, ambiri mwa iwo a chipani chake cholamula cha ANC, anasankha kumutchinjiriza. Pa 31 March 2016 khothi loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti Nyumba ya Malamulo inalephera udindo wake. Mphamvu zonse zinalipo papepala, koma manja anali omangika. Chaka chotsatira, mu August, aphungu ataloledwa kuvota mwachinsinsi pa nkhani yomuchotsa, 177 anavomera pamene 198 anakana. Anapulumuka, koma chiwerengerocho chinaonetsa kuti ena a chipani chake chomwe anali atamutembenukira. Mantha atachepa, mavoti anasintha.

N'chifukwa chake ndimaona kuti zimene Britain inachita m'chaka cha 2010 n'zofunika kwambiri, ngakhale zimaoneka zazing'ono. Apampando a makomiti ambiri anayamba kusankhidwa ndi aphungu onse pa voti yachinsinsi, m'malo moikidwa ndi akuluakulu osungitsa mwambo m'zipani. Wapampando wotere sakhala ndi ngongole kwa nduna.

Kulimba mtima pakokha sikukwanira. Bajeti imabwera m'mabuku okhuthala, atailemba akatswiri ambirimbiri a ku unduna wa zachuma kwa miyezi, ndipo aphungu amapatsidwa milungu yochepa kuti aiunike. Ngati manambala onse akuchokera kwa amene ukumufufuzayo, umangovomera zimene wakuuza. Dziko la United States linaona zimenezi, ndipo lamulo la m'chaka cha 1974 linakhazikitsa Congressional Budget Office, ofesi ya akatswiri owerengera aphungu mtengo weniweni wa mfundo za boma popanda kukondera chipani. Kenya nayo inatsegula ofesi yotere m'chaka cha 2007.

Pa nkhani yopanga malamulo, choonadi n'chakuti m'mayiko ambiri mabilu ochuluka amalembedwa ndi boma. Ntchito ya aphungu ndi kuwasula ndime ndi ndime, kuitana anthu amene lamulolo liwakhudze, n'kusintha pomwe pakupweteka. Akaidumpha ntchitoyi, mkwiyo umakatulukira kwina. Pa 25 June 2024 aphungu a ku Kenya anavomereza bilu yokweza misonkho anthu akukana mumsewu, anthu anafa pa zionetserozo, ndipo tsiku lotsatira Pulezidenti William Ruto analengeza kuti saisaina. Chimandiwawa n'chakuti mawu amene anamveka kudzera m'magazi anayenera kumveka kale m'Nyumba ya Malamulo.

Palinso kakhomo kena kamene anthu sakaona. Malamulo ambiri amakhala ndi ndime yopatsa nduna mphamvu yoika timalamulo tatsatanetsatane pambuyo pake. Chindapusa, ziphaso ndi zoletsa zimene zimakhudza munthu tsiku ndi tsiku nthawi zambiri zimabisala mmenemo, ndipo zimadutsa popanda mkangano uliwonse.

Tsono komiti ikamaliza kufufuza, lipoti lake limapita kuti? Ku Britain boma limayembekezeka kuyankha malipoti a makomiti polemba pasanathe miyezi iwiri, n'kunena mfundo zimene lavomera ndi zimene lakana. Kumene kulibe dongosolo lotere, lipoti limawerengedwa m'Nyumba, aphungu amalivomereza, kenako limakagona pashelefu. Mlembi wamkulu uja wa zipatala ziwiri zosowa amabweranso chaka chamawa ndi mafayilo atsopano, ndipo funso lakale lija palibe amalikumbukira, pokhapokha ngati kalaliki wa komiti anasunga mndandanda wa malonjezo n'kuuika patebulo msonkhano usanayambe.