Shopu ya betting ikubwera mumsewu mwanu? Masiku ndi 28 basi, ndipo petishoni yokha siletsa

Abale anga a kuno ku UK, nkhani iyi ndayankha pafoni kokwana ndiye lero ndingolemba kamodzi. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya malayisensi pa khonsolo ina kuno ku England, ndipo mwezi sutha osamva munthu wakwathu akuti khonsolo yadya ziphuphu, bwanji yaloleza shopu ina ya betting pomwe mumsewumo muli kale zitatu. Sikuti yadya ayi. Lamulo limaipanikiza khonsolo, komanso inuyo mumabwera mochedwa ndi zifukwa zomwe lamulolo silimva n'komwe.

Lamulo lake ndi Gambling Act 2005, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu September 2007. Kampani imayamba yatenga layisensi yake ku Gambling Commission, bungwe loyang'anira za njuga, ku Birmingham, kukhonsolo imangobwera kudzapempha ya nyumbayo. Ndiye pa section 153 pali mawu akuti aim to permit, kutanthauza kuti khonsolo iyambe ndi mtima wololeza, ikafuna kukana ikhale ndi umboni. Section yomweyo imatiletsa kuyang'ana ngati anthu akufunadi shopu ina kapena ayi, ndiye mawu oti "zakwana kale" paokha sagwira. Zoti njuga ndi tchimo, inenso ndimapemphera ndipo ndikukumvani, koma malangizo a Commission amanena poyera kuti chimenecho si chifukwa chokanira layisensi. Zomwe makhansala angamve ndi zitatu zokha, umbanda ndi chisokonezo, njuga kuchitika mwachilungamo ndi poyera, ndi kuteteza ana komanso anthu omwe njuga ingawapweteke msanga. Kalata yanu ngati siikhudza chimodzi mwa izi imawerengedwa nkuikidwa pambali.

Pali mayi ena omwe mpaka pano amandiwawa mumtima. Inali nthawi ija makina a mmashopumu munthu amatha kuponya mapaundi 100 kamodzi, asanatsitse kufika pa mapaundi 2 mu April 2019. Bambo akunyumba kwawo amagwira mashifiti ausiku ku care home, akamaweruka mmawa amayamba adutsa pa makina, lendi inafika pomalephereka. Mayiwa ataona pepala lodziwitsa za pempho la layisensi ya betting lamatidwa pawindo la shopu yopanda kanthu pafupi ndi flat yawo anachita zomwe tonse tinazolowera kwathu, anapita kutchalitchi nkuyamba kutolera masiginecha Lamulungu lililonse, ndipo munthu wina wa mugulupu ya WhatsApp yemwe amadzitcha consultant anawalipiritsa ndalama kuti awalembera kalata ya chizungu cha maloya, nkumangowauza kuti dikirani ndikumalizitsa. Mayiwa anafika ku ofesi kwathu masiku 28 otumizira madandaulo atadutsa. Panalibe wina aliyense anatumiza dandaulo lovomerezeka, ndiye panalibenso hearing, msonkhano womwe makhansala amamva mbali zonse, layisensi inatuluka. Ndipo layisensi ya nyumba ilibe tsiku lothera, kampani imangolipira chaka ndi chaka.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi chakuti titakhala pansi, zomwe amandifotokozera pakamwa ndi zomwe zimafunika ndendende. Anati pakhomo penipeni pa shopuyo ndi pa bus stop pomwe ana asukulu amadikirira basi masana, nyumba yachiwiri yake ndi hostel ya anthu osowa pokhala, ndipo kunja kwa shopu ya betting yomwe inalipo kale anthu amamwa mowa nkumamenyana mpaka apolisi kubwera. Mu petishoni munalibe chimodzi mwa izi, munangoti sitikufuna, njuga ikuononga mabanja. Kalata ya consultant nayo inali yokopera pa intaneti, yosatchula ngakhale dzina la msewu. Akanalemba okha tsamba limodzi ndi chizungu chawo chomwecho, kutchula tsiku, nthawi, zomwe anaona ndi maso awo, nkhani ikanapita pamaso pa makhansala. Sindikuti akanapambana. Koma nthawi zambiri pa hearing pamatuluka zinthu, CCTV, ogwira ntchito awiri madzulo, kufunsa ID aliyense wooneka wamng'ono, ndipo zimenezi zikalembedwa pa layisensi ife timatha kuzitsata.

Chonde musalipire munthu pa zimenezi. Kutumiza dandaulo ndi kwaulere, email imodzi ku licensing yakwana. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi munthu mkati mwa khonsolo kapena kuti popanda iye kalata yanu siwerengedwa akukuberani ndalama, ndipo choipitsitsa akukudyerani masiku. Masiku 28 amayamba kuwerengedwa tsiku lomwe kampani yapereka pempho, osati tsiku lomwe inu mwaona pepala, ndiye mukaliona jambulani ndi foni pompo muone tsiku lomaliza lalembedwapo. Oyenera kulemba ndi inu okhala pafupi, a bizinesi yomwe ingakhudzidwe, kapena wokuimirirani ngati khansala wa dera lanu kapena MP. Achibale a ku Lilongwe kapena mpingo wa mzinda wina kusayina sikuonjezera kanthu.

Mwina mukudabwa kuti bwanji timalimbikira umboni chonchi. Mu 2013 khonsolo ya Newham ku London inakana layisensi ya kampani ya betting ya Paddy Power, kampaniyo inachita apilo ku khoti la majisitireti nkupambana. Makampaniwa amabwera ndi maloya odziwa ntchito, ndipo khonsolo ikaluza ikhoza kulipiritsidwanso ndalama za mlandu, ndiye makhansala sangakane ndi mkwiyo wokha. Boma mu white paper, chikalata cha mapulani ake, ya April 2023 linalonjeza kupatsa makhonsolo mphamvu yoyang'ana kuunjikana kwa malo a njuga pamalo amodzi, koma inu musadalire lonjezo pomwe pepala lamatidwa kale pawindo.

Pali khomo lina lomwe ambiri simulidziwa. Kuyambira April 2015 ku England nyumba yomwe sinali ya betting imafunika planning permission, chilolezo chosintha ntchito ya nyumba, kuti isanduke shopu ya betting, ndipo uko ndi komwe nkhani ya kuchuluka kwa mashopu mumsewu imatha kumveka kutengera pulani ya dera lanu. Ndi ofesi ina, kalata ina, masiku ake nthawi zambiri ndi 21, ndipo ife a licensing lamulo silitilola kuyang'ana za planning, ndiye lembani konse kuwiri. Ngati shopu inatsegulidwa kale ndipo mukuona ana osakwana zaka 18 akulowa, lembani tsiku ndi nthawi ulendo uliwonse, mukhoza kupempha kuti layisensiyo iunikidwenso.

Koma ngati mnyumba mwanu muli kale munthu yemwe malipiro akuthera pa makina, za khonsolozi zisakuchedwetseni. Imbani National Gambling Helpline ya GamCare, bungwe lothandiza ovutika ndi njuga, pa 0808 8020 133, ndi yaulere usana ndi usiku ndipo amalankhulanso ndi akubanja. Mwiniwakeyo akavomera akhoza kulembetsa ku Gamstop Betting Shops, yomwe kale inkatchedwa MOSES, kuti mashopu a mdera lake asamamulole kulowa, ndipo kudziletsa njuga za pafoni amalembetsa ku GAMSTOP.