Makina oti akuyenda bwino muwathimitsiranji?

Chilengezo chikangotuluka chakuti yuniti ina (gulu limodzi la makina opangira magetsi) pa siteshoni ya malasha ya ku Hwange, ku Zimbabwe, ithimitsidwa kwa milungu ingapo kuti ikonzedwe, funso limene ndimalandira kwa abale a ku Mbare ndi ku Highfield mu mzinda wa Harare ndi limodzimodzi: "Achimwene, makinawo sanawonongeke, ndiye mukuwathimitsiranji? Bwanji osadikira afe kaye?" Funsoli landikwana. Ndiyankhabe, chifukwa maganizo omwewa ndawamvaponso kwa mabwana ovala mataye amene amasainira ndalama za ntchito, ndipo akachokera kumeneko amagonetsa mzinda wonse mumdima.

Mayuniti asanu ndi limodzi akale a ku Hwange anayamba kugwira ntchito pakati pa 1983 ndi 1987, ndipo onse pamodzi anapangidwa kuti azitulutsa mamegawati 920. M'kati mwa boila iliyonse, ng'anjo yaikulu imene malasha amayakamo kuti madzi asanduke nthunzi, muli mapaipi ochuluka zedi onyamula madzi ndi nthunzi yotentha kupitirira madigiri 500. Phulusa la malasha limauluka ndi mpweya wamoto n'kumakhula mapaipiwo usana ndi usiku, chitsulo n'kumapyapyala pang'onopang'ono. Amene wakhala m'chipinda choyendetsera makina sangazione zimenezi, mawotchi ake onse oyezera makinawo amamuuza kuti zili bwino mpaka tsiku limene paipi iphulike. Kuti tidziwe, timayenera kuzimitsa moto, kudikira kuti muzizire, kumanga nsanja m'katimo, munthu n'kukwera ndi kachipangizo koyezera kuchindikala kwa chitsulo, paipi ndi paipi. Njira ina palibe.

Za turbine, makina amene nthunzi ija imawazunguza kuti magetsi apangike, ndiye anthu amadabwa kwambiri. Imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo m'malo ena mpata wa pakati pa zozungulira ndi zosazungulira sukwana ngakhale milimita imodzi. Siingaimitsidwe lero n'kutsegulidwa mawa. Shafti yotentha ikangoima malo amodzi imapindika, choncho pali kamota kamene kamaitembenuza pang'onopang'ono kwa masiku angapo mpaka izizire mofanana mbali zonse. Masiku amenewo munthu wodutsa angaganize kuti tangokhala. Kenako mabawuti amasulidwe, kireni inyamule chivundikiro, shafti itulutsidwe, mapeni ake apakidwe mankhwala oonetsa ming'alu yosaoneka ndi maso, mabering'i ayezedwe. Pobwezeretsa, sipanala iliyonse ndi kansanza kalikonse kamene kanalowa kamawerengedwa potuluka. Nati imodzi yoiwalidwa m'menemo ikhoza kuthyola mapeni a mzere wonse.

Komabe ntchito yaikulu siichitikira pamenepo ayi. Imachitikira pa desiki, chaka chathunthu kapena kuposerapo makina asanathimitsidwe. Masipeya aakulu sapezeka pa shelefu ku Graniteside, dera la mafakitale la ku Harare. Amaitanitsidwa kunja, ena amachita kupangidwa mukaoda, ndalama zakunja zipezeke, katundu adutse pa Beitbridge kapena pa doko la Beira. Ndandanda ya ntchito imakhala ndi zinthu mazanamazana, koma pali mzere umodzi wa ntchito zodalirana woti imodzi ikachedwa tsiku limodzi, yuniti yonse yachedwa tsiku limodzi. Injiniya wokonza mapulani amagona akuganiza za mzere umenewo.

Ndiyeno pali kusankha nthawi. Mu June ndi July simungayerekeze, kukuzizira, magetsi akufunika kwambiri, alimi a tirigu akuthirira. Mukati mudikire kumapeto kwa chaka, nthawi imeneyo madzi a ku Kariba amakhala atatsika. Siteshoni ya Kariba South, yopangira magetsi ndi madzi, ikhoza kutulutsa mamegawati 1,050, koma madzi ake amachita kugawiridwa ndi bungwe loyang'anira damulo la Zambezi River Authority, ndipo mukukumbukira kuti mu November 2022 bungweli linalamula kuti siteshoniyo ileke kaye chifukwa madzi a chaka chimenecho anali atatha. Ndiye mwezi uliwonse umakhala ndi chifukwa chomveka chonenera kuti "tidikire kaye". Apa m'pamene pamafera makina.

Pali nkhani imodzi imene imandiwawabe mumtima. Inachitikira pa siteshoni ina imene sinditchula dzina. Boila itaima kanthawi kochepa pa vuto lina, tinapezerapo mwayi woyeza mapaipi a chigawo china, n'kupeza kuti angapo apyapyala kufika pamlingo wofunika kuwasintha. Tinalemba lipoti, manambala ndi zithunzi zonse zilimo. Yankho linali lakuti ino si nthawi yabwino. Nthawi ina itakwana anatinso ndalama sizinatuluke. Usiku wina paipi imodzi inang'ambika. Nthunzi yotuluka pa mng'alu wotere imadula chitsulo, ndipo pofika nthawi yozimitsa moto inali itaboola mapaipi oyandikana nawo amene analibe vuto lililonse.

M'sitolo munalibe mapaipi a mtundu umenewo, popeza oda sinapite. Pamenepo m'pamene amatulukira anthu aja a makampani a m'chikwama, opanda wekishopu, opanda injiniya, koma odziwa khomo la ofesi iliyonse. Anabwera ndi mapaipi ooneka bwino, opakidwa penti, kukula kwake kofanana ndi athu, koma opanda chikalata cha kufakitale chosonyeza zimene zili m'chitsulocho. Mapaipi a malo otentha kwambiri amakhala osakaniza ndi chromium ndi molybdenum kuti apirire moto kwa zaka. Paipi wamba mukaiika pamenepo imaoneka chimodzimodzi, imagwira kwa kanthawi, kenako imafufuma n'kuphulika. Anaikidwabe, chifukwa mafoni ochokera kumtunda sankaleka kulira. Boila ija inayaka, inathimanso, inayakanso, ndipo kuyatsa kulikonse kumadya mafuta ambirimbiri n'kutopetsa chitsulo chimene chikutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Mukaphatikiza nthawi yonse imene yuniti ija inakhala chete, inaposa kutali milungu imene tinapempha poyamba. Amene anaitanidwa kukafotokoza anali anyamata a shifiti ya usiku uja. Lipoti lathu linali m'kabati, palibe analitchula.

Chonde, achinyamata amene mwaphunzira kuwotcherera ndipo mukufuna ntchito ya shutdown, ndiko kuti yokonza makina akathimitsidwa, musanamizidwe ndi munthu wokuuzani kuti akulowetsani popanda mayeso. Kuwotcherera geti kapena mafelemu a mawindo ku msika wa Siyaso ku Mbare ndi luso ndithu, sindikunyoza, koma paipi ya boila ndi nkhani ina. Mumapatsidwa zidutswa ziwiri kuti mulumikize muli pamalo opanikizika ngati mmene mudzakhalire m'katimo, cholumikiziracho chimajambulidwa ndi X-ray kapena kudulidwa n'kupindidwa, ndipo mukakhoza m'pamene mumapatsidwa nambala yanu yolembedwa pa mfundo iliyonse imene mwawotcherera. Amene akukudumphitsani zimenezi akukutumizani kukaima pafupi ndi paipi yoti idzakupsetsani nokha. N'chimodzimodzi ndi loko. Musalowe m'makina opanda chiphaso cha ntchito komanso loko yanuyanu pa switch yoti wina asawayatse muli m'katimo, kaya foromani akalipe chotani.

Ena amati mayuniti 7 ndi 8 a ku Hwange, a mamegawati 300 iliyonse, ndi atsopano, anayamba mu 2023, ndiye sevisi yake njachiyani. Makina atsopano amayenera kutsegulidwa pa nthawi imene wowapanga analemba, chifukwa m'zaka zoyambirira ndi mmene zolakwika za pomanga zimaonekera. Ndipo mukamva kuti masiku amene analengezedwa akwana koma yuniti sinabwerere, si nthawi zonse pamene pamakhala ulesi. Kawirikawiri chivundikiro chikanyamulidwa mumapezeka mng'alu umene sunali pa ndandanda, ndipo injiniya wanzeru sangatseke makina mng'aluwo akuuona ndi maso.