Kamakina kamene kanatsitsa mawayilesi a anthu akuda ku America

Mu 2007 kampani ya Arbitron, yomwe inali itawerenga omvera wayilesi ku America kwa zaka zoposa 40, inasintha kawerengedwe kake. Inayambira ku Philadelphia mu Malichi, kenako Houston, ndipo chaka chisanathe inaonetsa eni mawayilesi a ku New York ziwerengero zoyeserera. Eni mawayilesi oimba nyimbo za anthu akuda ataziona anangoti kakasi. WBLS ndi WRKS, amene kwa zaka zambiri ankapikisana pamwamba penipeni, anapezeka atatsika kwambiri. Oulutsa mawu anali omwewo, nyimbo zomwezo, ofuna kupereka moni ankaimbabe foni monga kale, koma papepala omvera anali atachepa.

Mawayilesi amenewa ku America amawatchula kuti a urban. Dzinali analitchukitsa ndi Frankie Crocker, mkulu wa mapulogalamu pa WBLS m'zaka za m'ma 1970, ndipo linali ndi ntchito yake: makampani ambiri ankakana kutsatsa malonda pa wayilesi yodziwika kuti ndi ya anthu akuda, choncho panafunika dzina loti lisawathawitse. Silinathandize mokwanira. Mpaka m'ma 1990 mabungwe ogulira makampani nthawi yotsatsira malonda ankalandirabe malangizo oti asagule pa mawayilesi a urban ndi a Chisipanishi, ndipo lipoti lomwe FCC, bungwe la boma loyang'anira mawayilesi, linatulutsa mu 1999 linaonetsa kuti mawayilesi otere ankapeza ndalama zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa omvera awo. Chimene ankadalira pokambirana mitengo chinali chimodzi chokha, kukhala nambala wani pamndandanda wa Arbitron. Munthu akakulanda chimenecho wakulanda khasu.

Njira yakale inali ya kabuku. Arbitron inkaimbira foni mabanja osankhidwa mwachisawawa, ovomera nkuwatumizira timabuku ta masiku 7, kuyambira Lachinayi kufika Lachitatu, kamodzi kwa aliyense wa zaka 12 kupita m'tsogolo, ndi kandalama kochepa kothokozera. Munthu ankayenera kulemba wayilesi imene wamvera, nthawi yoyamba ndi yomaliza. Powerengera, ola ankaligawa panayi, ndipo wayilesi yomveredwa mphindi 5 m'chigawo cha mphindi 15 inkapatsidwa chigawo chonsecho. Mitengo ya malonda inkachokera pa avereji ya anthu omvera pa chigawo chilichonse.

Avereji imeneyo imakwera m'njira ziwiri: kukhala ndi anthu ambiri odutsa, kapena kukhala ndi anthu ochepa okhalitsa. Wayilesi ya omvera 100,000 omwe aliyense amamvera maola 12 pa sabata imafanana ndendende ndi ya omvera 300,000 omvera maola 4. Mawayilesi a urban anali a mtundu wa omvera ochepa koma okhalitsa. Omvera awo ankaitenga wayilesi ngati yawoyawo, chifukwa ndi pamene ankamva za mapemphero, zisankho, ntchito ndi nkhani za apolisi m'madera awo, zimene mawayilesi ena sankazilabadira.

Tsono kabuku kamakondera wayilesi yokondedwa. Tiyerekeze mayi wogwira ntchito mu saluni, amene wakumbukira kabuku kake madzulo atatopa. Sakhala pansi nkuwerenga mphindi. Amalemba dzina la wayilesi yake pa 9 koloko m'mawa, nkukoka mzere mpaka 5 koloko madzulo. Mzere umodziwo ndi zigawo 32. Koma masana anatuluka kukagula chakudya, choumitsira tsitsi chinalira kwa ola lathunthu, mnzake anasintha siteshoni kawiri, ndipo m'galimoto ya mlamu wake munkalira wayilesi ina yomwe dzina lake sakulidziwa nkomwe. Mayiyu sananame. Walemba zimene akukumbukira, ndipo munthu amakumbukira chimene amakonda. Akatswiri a ntchitoyi ankadziwa bwino zoti ambiri amadzaza kabuku pamapeto pa tsiku kapena pa sabata, nchifukwa chake mawayilesi ankabwereza dzina lawo kosalekeza ndi kuika mipikisano ikuluikulu Lachinayi, tsiku loyamba la kabuku.

Ndiponso si koyamba kuti kusintha kwa njira kusunthe mawayilesi a anthu akuda. Mu 1982 Arbitron inayamba kupereka ndalama yochulukirapo ndi kuimba mafoni okumbutsa ku mabanja a anthu akuda kuti timabuku tambiri tizibwerera, ndipo ziwerengero za mawayilesi a urban zinakwera. Nthawi imeneyo odandaula anali eni mawayilesi enawo.

Kamakina katsopano, kotchedwa Portable People Meter kapena PPM, kanali kakang'ono kokwana m'dzanja. Wayilesi iliyonse imaika chipangizo chobisa chizindikiro chake m'kati mwa mawu amene ikuulutsa, chomwe khutu la munthu silimva koma maikolofoni ya kamakinako imatola. Banja likavomera, aliyense wa zaka 6 kupita m'tsogolo amapatsidwa kake, ndipo angakhale m'kafukufukuyo mpaka zaka ziwiri. M'kati muli kachipangizo kodziwa ngati kakuyenda ndi munthu. Wamkulu ayenera kukanyamula maola osachepera 8 pa tsiku, mwana maola 5, apo ayi tsikulo silimawerengedwa. Usiku ankakaika pa chotchajira chomwe chinkatumiza zonse ku kampani.

Zotsatira zake zinali zofanana pafupifupi mumzinda uliwonse. Munthu ankapezeka kuti wamva mawayilesi ochuluka pafupifupi kawiri kuposa amene akanalemba m'kabuku, koma aliyense kwa nthawi yochepa. Mizere italiitali ija inaduka zidutswazidutswa. Opindula anali mawayilesi oimba nyimbo zosakhumudwitsa aliyense, zomveka m'masitolo, m'maofesi ndi podikirira dokotala wa mano, pakuti kamakina sikasiyanitsa womvetsera ndi wongodutsa. Oluza anali odalira kukhalitsa kwa omvera: a urban, a Chisipanishi, ndi a smooth jazz (jazz yofatsa), ndipo ambiri a jazz amenewa anatsekedwa kapena kusintha nyimbo pakati pa 2008 ndi 2009 ku New York, Chicago ndi San Francisco.

Arbitron inkanena kuti kamakina kangoulula zoona zomwe kabuku kankabisa, ndipo pa nkhani ya mizere ija inkanena zomveka. Eni mawayilesi sanalimbane kwenikweni ndi kamakinako. Funso lawo linali lakuti, kanyamulidwa ndi yani? Apa mpamene panagona nkhani. Anthu onyamula PPM mumzinda anali ochepa kuposa amene ankadzaza timabuku, ndipo ambiri ankawapeza poimbira mafoni a m'nyumba. Achinyamata, anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi ambiri anali atasiya kale mafoni a m'nyumba nkutsala ndi am'manja okha, ndipo lamulo la dzikolo la 1991 limaletsa kuimbira foni yam'manja ndi makina odziimbira okha, kotero kuwapeza kunali kodula. Opezekawo ambiri sankakwanitsa maola 8 aja. Zovala zambiri za amayi zilibe thumba kapena lamba, ndiye kamakina kankathera m'chikwama momwe mawu safika bwino. Womvera pa mahedifoni ankayenera kulumikiza kachingwe kapadera, ndipo ndi ochepa amene anali ndi mtima wochita zimenezo tsiku ndi tsiku.

Gulu lina likachepa m'kafukufuku, owerengera amalikweza pochulukitsa kulemera kwa aliyense amene alipo. Pamasamu nzololedwa, koma zili ndi mtengo wake. Ngati anyamata akuda a zaka 18 mpaka 24 ali ochepa, mmodzi amaimira anzake zikwizikwi, ndipo banja limodzi likapita kutchuthi kapena kutuluka m'kafukufuku, wayilesi imatha kugwa mwezi umodzi wokha popanda cholakwa chilichonse. M'timabuku anthu ankasinthidwa sabata iliyonse, choncho tsoka lotere linkasungunuka msanga. Mu PPM banja lomwelo ukhoza kukhala nalo chaka chathunthu.

Umboni wamphamvu wa odandaulawo unachokera ku Media Rating Council, bungwe lounika njira zowerengera lomwe linakhazikitsidwa m'ma 1960 aphungu a Congress atafufuza zachinyengo pa ziwerengero. Bungweli linavomereza PPM ya ku Houston, komwe anthu ankawasankha potengera maadiresi ndi kuwagogodera pakhomo, koma linakana ya ku Philadelphia ndi New York, komwe ankadalira foni. Kamakina kamodzimodzi, kasankhidwe ka anthu kosiyana. Arbitron inaimitsa kaye ntchitoyi ku New York, koma mu Okutobala 2008 inapitiriza ngakhale inalibe chivomerezocho.

Mwezi womwewo Andrew Cuomo, yemwe anali loya wamkulu wa boma la New York, anasumira Arbitron, ndipo mnzake wa ku New Jersey, Anne Milgram, anachita chimodzimodzi. Milanduyi inatha mu Januwale 2009 mwa mgwirizano: kampani inalonjeza kuonjezera mabanja a foni yam'manja yokha ndi kusankha ena potengera maadiresi. Mabungwe a eni mawayilesi akuda ndi a Chisipanishi anapitiriza kukankha. Woimba Stevie Wonder, mwini wake wa wayilesi ya KJLH ku Los Angeles, anapita iye mwini kukadandaula ku Washington. Univision, kampani ya mawayilesi a Chisipanishi, inakana kuika zizindikiro zija pa mawayilesi ake m'mizinda ina. FCC inatsegula kafukufuku mu Meyi 2009, komiti ya Congress yotsogozedwa ndi Edolphus Towns inamva nkhaniyi mu Disembala, ndipo mwezi wotsatira mkulu wa Arbitron, Michael Skarzynski, anatula pansi udindo zitadziwika kuti china mwa zimene anauza komitiyo sichinali cholondola. Mu Epulo 2010 Arbitron ndi mabungwe odandaula aja anagwirizana, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho PPM inali m'mizinda 48.

Kasankhidwe ka anthu katakonzedwa, mawayilesi ena a urban anakweranso, makamaka amene anaphunzira kuvina nyimbo ya kamakina. PPM imaonetsa mphindi ndi mphindi pamene anthu akuchoka, ndiye mabwana anayamba kudula zolankhula, kuchepetsa nyimbo zachilendo, ndi kuika malonda modutsa malire a zigawo ziwiri kuti mphindi 5 zija zipezeke mbali zonse. Zinathandiza pa ziwerengero, koma zimene zinadulidwazo, kucheza ndi omvera ndi nkhani za m'madera, ndi zomwe zinkasiyanitsa mawayilesiwa ndi ena onse. Sitinganene kuti PPM yokha ndiyo inagwetsa makampani, pakuti inafika limodzi ndi kugwa kwa chuma kwa 2008, ngongole zikuluzikulu ndi nyimbo za pa intaneti. Komabe Inner City Broadcasting, kampani ya banja la Percy Sutton yomwe inali mwini wa WBLS, inalowa m'khoti la olephera kubweza ngongole mu 2011, ndipo mu Epulo 2012 WRKS inatsekedwa patatha zaka pafupifupi 30. Ena mwa oulutsa ake anasamukira ku WBLS, ndipo pa 98.7 FM, pomwe pankamveka WRKS, panayamba kumveka zamasewera za ESPN.

Nielsen, kampani ina yowerengera omvera ndi oonera, inagula Arbitron mu 2013 pamtengo wa madola pafupifupi 1.3 biliyoni, nkulandira ndi mikangano yake yomwe. Mu 2015 kunabuka ina, ya chizindikiro chobisika chija. Chizindikirocho chimafuna phokoso loti chibisalemo, kotero nyimbo yodzaza imachinyamula bwino, pamene mawu a munthu wolankhula mopumira kapena nyimbo yofatsa ya chida chimodzi imasiya mipata yomwe kamakina sikamva kanthu. Kampani ya 25-Seven Systems inagulitsa bokosi lotchedwa Voltair lokweza mphamvu ya chizindikirocho, mawayilesi mazanamazana analigula, ndipo Nielsen, yomwe inkakana kuti pali vuto, inatulutsa zizindikiro zamphamvupo chaka chomwecho. Izi zinasiya funso pa mawayilesi a jazz aja, omwe anali atatsekedwa kale. Mu 2020 Nielsen inayamba kuonjezerapo pa ziwerengero pofuna kubwezera omvera pa mahedifoni, kenako inabweretsa timakina tovala pamkono ndi m'khosi. Mu Januwale 2025 inatsitsa malire aja kuchoka pa mphindi 5 kufika pa 3 m'mizinda ya PPM, ndipo ziwerengero za mawayilesi ambiri zinakwera nthawi yomweyo. M'mizinda ing'onoing'ono anthu akudzazabe kabuku ka masiku 7.