Waya wa earth wa inveta ya m'boti usakhale woonda

Ena oika magetsi m'maboti amakhulupirira kuti chitsulo chokuta inveta (chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala onga a m'nyumba) chingalumikizidwe ku earth ndi kawaya kobiriwira ka 2.5 mm², konga ka m'nyumba. Amati muwayamu simudutsa magetsi. N'zoona, koma pokhapokha zonse zili bwino.

Inveta ya mawati 2,000 pa batire ya 12V imakoka ma amp pafupifupi 190, n'chifukwa chake imafuna chingwe cha 70 mm². Tsono boti limagwedezeka ndi mafunde tsiku ndi tsiku. Chingwe cha positive chikaperepeseka n'kukhudza chitsulo chija, mphamvu yonse ya batire imathamangira muwaya wa earth. Ukakhala woonda umafiira n'kuyatsa pulasitiki fyuzi ya 250A ya pa chingwe cha positive isanaduke, ndipo moto ukabuka pakati pa nyanja anthu alibe kothawira.

Miyezo ya bungwe la ABYC, loona za chitetezo cha maboti ku America, imati waya wa earth ulingane ndi wa positive, kapena uchepeko saizi imodzi yokha: 50 mm² ngati positive ndi 70 mm². Waya wa earth-wu muulumikize ku negative yaikulu ya pa injini. Fyuzi ikhale ya Class T (mtundu wotha kudula msanga magetsi ochuluka kwambiri), pasanathe masentimita 18 kuchokera pa batire.