Woyimba akamagula galimoto yogwirapo kale ntchito, ayambe wazimitsa wailesi

Wophunzira zowerengera ndalama akatsekera sukulu amabwera kuno ku Salima ndi laputopu m'chikwama basi. Wophunzira zoyimba, kaya ali ku UNIMA ku Zomba, ku MUST ku Thyolo kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe, amabwera ndi kiyibodi, gitala, ampu ndi zingwe zodzaza thumba. Ndalama ya fizi ndi ya ndiwo amaipeza Loweruka m'maukwati ndi m'zinkhoswe, mwina ku malo ogona alendo a ku Senga Bay, ndipo phwando likatha usiku sipakhalanso minibasi. Kiyibodi pa kabaza ndi kusewera ndi chuma. N'chifukwa chake achinyamata amenewa amafika pa galaja pathu ndi funso limodzi: tapeza kagalimoto kotchipa, tigule?

Funso langa loyamba silikhudza injini. Munayeza buti? Daihatsu Mira ndi Toyota Passo zimamwa petulo pang'ono, inde, koma kiyibodi ya makiyi 88 imatalika pafupifupi mita ndi theka ikakhala m'chikwama chake. Onjezanipo masipika awiri ndi mnzanu wa ng'oma. Galimoto ya woyimba ndi Probox, Nissan AD kapena Sienta yopinda mipando. Sizokongola, ndikudziwa, ndipo mukaima pa Kamuzu Road anthu adzakufunsani ngati mukupita ku nyanja. Koma Probox ndi Sienta zambiri zili ndi injini ya 1NZ, imene makaniko aliyense anaiphwasulapo, ndipo masipeya ake mumawapeza mosavuta ku Lilongwe.

Tsopano gwiritsani ntchito chimene munaphunzira. Munthu amene amamva kuti chingwe chimodzi cha gitala chatsika ali ndi khutu loposa la amakaniko ambiri. Wogulitsa wochenjera amadziwa zimenezi, ndiye mukangolowa amakweza wailesi kuti mumve besi. Zimitsani. Ndipo pitani m'mamawa injini isanalizidwe. Mukafika gwirani boneti, ngati ndi yofunda ndiye kuti wina anadzuka kale kudzaibisira matenda. Injini yozizira sinama. Mukailiza n'kumva phokoso la zitsulo zokwechana kwa masekondi angapo kenako n'kutha, nthawi zambiri ndi tcheni cha taimingi chimene chatamuka, kapena oyilo akuchedwa kukwera. Kugogoda kwapansipansi kumene kumathamanga mukaponda mafuta ndi mabeyaring'i a m'kati mwa injini, ndipo pamenepo tsanzikani mwaulemu muzipita. Kulira kwa mluzu ndi lamba chabe, sikodula. Pokhota mutapinda chiwongolero chonse mukamva "ta-ta-ta" kutsogolo, ma CV joint, zolumikizira zimene zimazungulitsa matayala akutsogolo, atha.

Musanalize n'komwe, tembenuzani kiyi pang'ono muone magetsi a pa dashibodi. Onse ayenera kuyaka, kuphatikizapo ka injini kachikasu kaja ndi ka ABS ka mabuleki, kenako azime injini ikalira. Kamene sikakuyaka ngakhale pang'ono si kuti zonse zili bwino ayi; ena amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda mkati.

Chimene chimapha galimoto kuno ndi kutentha. Mu Okutobala dzuwa la ku Salima mukulidziwa, ndipo ulendo wa ku Lilongwe pa msewu wa M14, makilomita pafupifupi 100, uli ndi zitunda zazitali za ku Mvera. Galimoto yoyenda bwinobwino pakati pa boma ndi Senga Bay, pamene ndi pachidikha, ikhoza kubwatitsa madzi pa chitunda choyamba mutapakira zida. Tsegulani chivundikiro cha ladiyeta injini ili yozizira. Mukapeza madzi a dzimbiri m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsa injini obiriwira kapena ofiira, mwini wake ankathira a pampopi. Tembenuzani chivundikiro cha oyilo: mukaona zoterera zoyererako ngati chambiko, mwina madzi akusakanikirana ndi oyilo, kutanthauza kuti gasiketi inapsa. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akuyaka. Utsi woyera wosaleka injini itatentha kale ndi madzi. Pemphani kuti muyese galimotoyo pa chitunda, muli anthu atatu kapena anayi. Wogulitsa akayamba kudandaula za petulo, gulani nokha malita awiri.

Galimoto zambiri zing'onozing'ono za ku Japan zili ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT, imene imafuna oyilo wake yekha. Wina akathiramo ATF wamba, oyilo wa magiyabokosi ena a otomatiki, imayamba kunjenjemera ponyamuka ndipo pakapita nthawi imafa. Za makilomita olembedwa pa dashibodi musataye nazo nthawi, amabweza. Onani m'mene chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi labala ya pa buleki zaperesekera. Matayala nawo ali ndi manambala anayi m'mbali: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019.

Mapepala ndiwo amagwetsa anthu ambiri kuposa injini. Nambala ya chasesi yolembedwa mu blue book ifanane ndi imene yadindidwa pa chitsulo cha galimoto, chilembo ndi chilembo. Dzina la mu blue book likhale la munthu amene waima pamaso panu, ndi chiphaso chake cha unzika. Mawu akuti "ndi ya achimwene anga ali ku Joni" akutanthauza kuti simudzasintha umwini ku Road Traffic, ndipo tsiku lina mwini weniweni akhoza kubwera ndi apolisi. Ngati galimoto yangolowa kumene kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, onani mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa. Pitani limodzi ndi wogulitsa kukasintha dzina, osatuma dobadoba, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe pamenepo.

Chomwe ndimakangana nacho ndi makolo ndi ichi: amapereka ndalama yonse pogula, osasiya kanthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya ndi matayala zinakwera, chifukwa zonsezi ndi zoitanitsa kunja. Mwezi woyamba womwewo mufunika oyilo ndi mafiluta, mwina batire, inshuwalansi ndi COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Maukwati nawonso amachepa mvula ikayamba, pamene inshuwalansi sidikira nyengo. Ena amati galimotoyo izidzipezera yokha ndalama ponyamula anthu a ku Senga Bay mwini wake ali m'kalasi ku Zomba. Imeneyo ndi bizinesi ina, yofuna chilolezo ndi inshuwalansi yakeyake, komanso dalaivala amene simukumuona. Ngati mumayimba kawiri pa mwezi, werengani ndalama ya hayala ya maulendo awiriwo muiyerekeze ndi zonse ndatchulazi musanapite kukaona galimoto iliyonse.